Pepani Alamu, Yesaninso

Mwana wa achimwene anga analowa m'nyumba mwanga osagogoda, laputopu ili m'khwapa, maso ali psuu. Ine ndinali pa tchuthi, miyendo ili m'beseni la madzi ofunda, nditalumbira kuti sabata imeneyo sindimva nkhani ya mbava ngakhale imodzi. Ndimafufuza milandu ku polisi, ndipo ntchitoyi yandisiyira zinthu ziwiri basi, mawondo owawa ndi mtima wapachala.

“Azakhali, akuti ndine wakuba.”

“Ndani wanena zimenezo? Ali ndi mano angati?”

Mwanayu timamutcha Nadina, chifukwa kuyambira ali wamng'ono chala chake sichinkachoka pa mabatani. Wailesi, wotchi, foni ya mlendo, zonse ankadinadina mpaka zina kufa. Pano ndi mayi wapabanja, ndipo kudina komweko ndiye ntchito yake. Amapanga mapulogalamu a pafoni.

Chaka chatha bambo ake, achimwene angawo, anagwa ndi sitiroko. Anadzuka ndithu, koma mawu anatsalira komweko. Mutu uli bwinobwino, amamva chilichonse, koma lilime ndi dzanja lamanja zinakana. Nadina anawatenga n'kumakhala nawo, ndipo anawapangira pulogalamu ya zithunzi. Akadina kapu, foni imati, “Ndikufuna madzi.” Akadina bedi, imati, “Ndatopa.” Muli nkhope za apabanja onse ndi zinthu za m'nyumba. Mawu ake ndi a Nadina yemweyo, amene ankajambula atadzitsekera mu wadilopu kuti phokoso la pamsewu lisalowe.

A kuchipatala ataiona anati odwala ena akuifunanso. Ndiye anaitumiza ku msika wa pa intaneti uja anthu amatengako mapulogalamu, kuti aliyense aitenge ulere. Anadikira, n'kudikira. Yankho linali litabwera m'mawa umenewo. Eni msika ankati pulogalamu yake ndi yokopera, ina yofanana nayo ilipo kale, ndipo akapanda kudziyeretsa sabata isanathe amutsekera akaunti mpaka kalekale. Sadzaikanso kanthu pamsikapo, ndipo dzina lake lidzakhala m'gulu la akuba.

“Bwanji osawaonetsa ntchito yako yonse?” ndinafunsa.

“Ndawatumizira, azakhali. Akundiyankha ndi makina. Akuti amene anayamba kuika ndiye mwini wake, pokhapokha iyeyo avomere yekha, kapena pabwere lipoti la polisi lotchula munthu.”

Ndinatulutsa miyendo m'beseni. Ndinamuuza kuti andiikire yobedwayo pa foni yanga, ndiione ndi maso anga. Inali pa dzina la kampani yosadziwika, yopanda nkhope, yopanda adiresi yomveka. Zithunzi zinali zomwezija, angosintha mtundu. Nkhope za apabanja anazichotsa, mawu a Nadina anawachotsanso n'kuikamo mawu a makina, ouma gwa. Nditadina chithunzi cha chimbudzi, panayamba kaye kubwera malonda a juga.

Magazi anga anawira. Koma abale, munthu wodwala, wosatha kulankhula, mimba yamugwira, ayambe waonera malonda a juga kenako ndiye apemphe chimbudzi? Ndagwirapo akuba mbuzi, akuba mawaya, akuba mankhwala, koma ameneyu ndinamuda ndisanamuone.

Ndi ukali womwewo ndinadina mwamphamvu, ndipo zala zangazi, zonenepa monga zilili, zinagunda zithunzi ziwiri nthawi imodzi. Foni inakhala chete pang'ono. Kenako inalankhula, osati ndi mawu a makina aja ayi, koma ndi mawu ofewa amene ndimawadziwa kuyambira ali m'matewera.

“Pepani alamu, yesaninso.”

Nadina anagwira pakamwa.

* * *

Nadina anandilongosolera. Pulogalamu isanapite kumsika imayenera kuyesedwa kaye, ndiye iye anagawira abale kuti aziidina n'kumamuuza pamene ikulakwitsa. Mwa nthabwala, aliyense anamupangira yakeyake. Munthu akadina molakwika, foni inkamupepesa monga mmene Nadina amamutchulira. Ya amalume ake inkati “pepani amalume,” ya mnzake wa kuntchito inkati “pepa mnzanga.” Wakubayo anasintha mawu onse amene anawapeza, koma awa sanawadziwe, chifukwa samveka pokhapokha munthu alakwitse.

“Ya alamu unapatsa ndani?”

“Awiri. Mng'ono wa amuna anga, woyendetsa takisi uja, ndi mlongo wawo wa saluni.”

“Nanga amuna akowo?”

“Iwo alibe. Ankati ndi masewera a ana, sakufuna zodzaza foni. Ndipo laputopu yanga satsegula, nambala yachinsinsi sadziwa.”

Ndinavala nsapato. Malamulo a ntchito sandilola kugwira mlandu wa m'bale, koma palibe lamulo loletsa azakhali kukacheza kwa asewere awo.

* * *

Mayi wa saluni tinamupeza akuluka mutu wa kasitomala, chipeso chili kukamwa. Atationa anachilavulira m'dzanja.

“Heee! Lero kwacha bwanji, mpaka apolisi m'saluni mwanga? Khalani apo, azakhali, koma tsitsi lanulo musandiuze kuti mumalipesa nokha.”

“Tsitsi langa lisiye. Pulogalamu imene anakupatsa mlamu wakoyu ili kuti?”

“Iti? Ya madala ija? Inakana kulowa. Alamu, nenani zoona pamaso pa azakhali anu, sindinakuuzeni kuti inakana?”

Nadina anagwedeza mutu kuvomera. Anali ataiwala. Mayiyo anapukuta mafuta m'manja, n'kutulutsa foni m'thumba la epuloni. Inali yakalekale, galasi long'aluka, kumbuyo atamanga ndi selotepi. Nadina anayesa kuikamo pulogalamuyo pomwepo ndipo foniyo inakana, inati ndi yokalamba.

“Mwaona? Foni imeneyi ngakhale chithunzi cha mutu wa kasitomala imajambula ngati kuli chifunga. Ndiye ine ndibe chiyani? Ndikanakhala ndi nzeru zoba za pa intaneti bwenzi ndikupsa zala ndi mankhwala a tsitsi muno?”

“Uthenga umene unabwera ndi pulogalamuyo unatumizirako wina?”

“Ndinafufuta tsiku lomwelo, malo munalibe. Komatu alamu mwandinyoza. Bambo anu ndimawameta ndine, ulere, mwezi ndi mwezi. Lero mwandibweretsera polisi pamaso pa makasitomala?”

Nadina anayamba kupepesa. Ine sindinapepese, ndinalibe nthawi. Tikutuluka, mayiyo anatiponyera mawu kumbuyo.

“Kafunseni wa takisiyo! Foni yake imagona paliponse ngati mphaka.”

* * *

Wa takisi tinamupeza pa siteji, atatsegula boneti, akuthira madzi m'galimoto. Ndi mnyamata wa phokoso, woseka asanamve nkhani. Koma nditamuseweretsa mawu aja pafupi ndi khutu, kuseka kunathera panjira.

“Aaa, imeneyo ndi yanga ija! Imandinena choncho ndikadina ndi chala chamafuta. Yafika bwanji mmenemo?”

“Ndimafuna undiuze iweyo.”

“Ine? Mayi, ndikulumbira pali injini iyi, ife lero lomwe ngati ndikunama. Ine za mapulogalamu ndimadziwa ya mapu basi, nayonso imanditayitsa.”

“Unagulitsa kwa ndani?”

“Kugulitsa mawu a madala? Mukunditenga ngati galu ine?”

Anakwiya zenizeni, mpaka botolo la madzi analiponya pansi. Ndaona anthu ambiri akukwiya mwabodza, amayang'ana kaye ngati ukuwaona. Uyu sanayang'ane aliyense.

“Chabwino. Foni yako inachokapo m'manja mwako liti?”

“Siichoka. Ndi ofesi yanga imeneyi, makasitomala amandipeza momwemu.”

“Mlongo wako akuti imagona paliponse.”

“Ameneyo pakamwa pake mpotentha ngati chowumitsira tsitsi.” Anakanda m'mutu. “Koma dikirani. Lamulungu lina mwezi watha batire inafa, chaja ya m'galimoto itapsa. Ndinadutsira kwa alamuwa m'mawa n'kuisiya pa chaji. Ndinakaitenga madzulo.”

“Unaisiya pati?”

“M'chipinda cha madala. Soketi ya pabalaza ndi yomasuka, imafuna kuigwirira.”

“Ili ndi nambala yotsekera?”

“Ilipo. Ndi nambala ya galimotoyi.”

Ndinayang'ana nambala ya galimoto, yolembedwa zikuluzikulu kutsogolo ndi kumbuyo, kenako ndinamuyang'ana iye kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anthu ena Mulungu anawapatsa mtima wabwino n'kuiwala zina zonse.

Ndinatembenukira kwa Nadina. “Lamulungu limenelo kunyumba kunali ndani?”

“Ine ndinachoka chakumasana, ndinapita kukaona mnzanga amene anachira kuchipatala. Bambo ndinawasiya nditawadyetsa, akugona. Amuna anga anachoka m'mawa, anali ku msonkhano wa amalonda tsiku lonse.”

“Ndiye m'nyumba munalibe munthu,” anatero wa takisi.

“Munalibe munthu?” ndinamufunsa. “Achimwene anga asanduka mpando?”

* * *

Tinafika kwa Nadina dzuwa likadali pamutu. Mkamwini anali pabalaza, malaya oyera osita bwino, akuwerenga za pafoni. Anthu amamutcha Bwana Mapulani, chifukwa mwezi uliwonse amakhala ndi bizinesi yatsopano imene idzatilemeretse tonse. Ya nkhuku inatha, ya matayala inatha, ya sopo inangotsala fungo. Anaimirira mwaulemu, n'kundilandira ndi manja awiri.

“Azakhali, mwachita bwino kubwera. Nkhaniyi yatisowetsa mtendere. Ine ndawauza mayiwa kuti pa intaneti pali afisi, munthu ali kutsidya kwa nyanja amatha kukubera uli m'tulo. Mwina angoisiya, apange ina.”

“Akamutsekera akaunti, inayo akaika kuti?”

“Angagwiritse ntchito dzina la munthu wina. Njira zilipo zambiri.”

“Lamulungu lija mng'ono wanu anasiya foni muno, inu munali kuti?”

Sanaphethire n'komwe. Anatsegula foni n'kundionetsa zithunzi. Anali mu holo, baji pachifuwa, akugwirana chanza ndi anthu a matayi. Anandionetsa china ali pa tebulo la tiyi, china ataima pafupi ndi chikwangwani cha msonkhano. Ndinaziyang'ana bwinobwino. Zonse zinali za m'mawa, makapu a tiyi akadali odzaza, mipando yakumbuyo anthu asanakhalemo.

“Za masana zili kuti?”

“Masana tinali pa zokambirana, sitinkajambula.”

“Chabwino. Ndikawaone achimwene.”

“Angogona kumene,” anatero msanga. “Adokotala anati tisamawatopetse.”

Ndinamudutsa ngati sindinamve.

Achimwene sanali m'tulo. Anali pa mpando wawo pafupi ndi zenera, bulangeti m'miyendo, foni yawo ili pa kathabwa kamene Nadina anawakhomera pa mkono wa mpando. Munthu ameneyu kale ankaphunzitsa masamu, mawu ake ankamveka makalasi atatu. Atandiona, mbali imodzi ya nkhope inamwetulira. Soketi inali pafupi ndi bedi, moyang'anizana ndi mpandowo.

Ndinagwada pafupi nawo, mawondo akulira. Nadina anaima pambali panga. Mkamwini anatsamira pakhomo la chipinda, manja m'thumba.

“Achimwene, ndabwera pa ntchito. Mukukumbukira tsiku limene wa takisi anasiya foni yake apo?”

Chala chawo chamanzere chinayenda pang'onopang'ono pa galasi. Foni inalankhula ndi mawu a Nadina. “Inde.”

“Alipo amene anaigwira?”

“Inde.”

“Ndani?”

Chala chinapita pa nkhope za apabanja. Sichinazengereze.

“Mkamwini,” inatero foni. Chala chinasuntha. “Foni.” Chinasunthanso. “Mlendo.” Kenako chinabwerera koyamba. “Mkamwini. Foni. Mkamwini. Foni.”

Nadina anakhala pansi, pa simenti penipeni.

“Mayo ine,” anatero ndi mawu otsika. “Azakhali, akhala akudina zimenezi mwezi wonse. Tsiku lililonse. Ine ndimaganiza kuti akufuna ndiwaimbire foni amuna anga. Ndimawaimbira, n'kuwaikira pa khutu.” Anatembenuka kuyang'ana pakhomo. “Ndipo inu munkati chiyani? Munkati pulogalamu yako ili ndi vuto, ikungobwereza mawu. Ndinakhala sabata yonse ndikufunafuna vuto limene kulibe!”

Achimwene anatseka maso, misozi ikutsika mbali imodzi. Mwezi wathunthu munthu akuloza mbava ndi chala chimodzi chimene chinamutsalira, ife n'kumamupatsa mbavayo kuti aipatse moni. Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anangowonjezera moto.

* * *

“Madala ndi odwala,” anatero mkamwini. “Mutu wawo sukuyenda bwino. Palibe khoti limene lingamvere foni.”

“Achimwene, seveni kuchulukitsa ndi eyiti ndi fifite-foro?”

“Ayi,” inatero foni.

“Fifite-sikisi?”

“Inde.”

“Mutu ndi umenewo,” ndinatero. “Tsono tamverani, bambo. Kuti munthu aike pulogalamu pamsika uja amapereka chiphaso chake. Kampani ikhoza kukhala ya dzina lopeka, koma chiphaso n'cha munthu. Anzanga ku ofesi akalemba kalata, eni msika atiuza. Ndipo mlendo amene achimwene anamuona akukuthandizaniyo tikamupeza, aimba ngati wa kwaya, chifukwa anyamata oterowo salolera kugona m'selo chifukwa cha mapulani a munthu wina. Mukufuna tidutse njira yaitaliyo?”

Anatulutsa manja m'thumba. Ulemu wonse uja unavuka ngati malaya.

“Ndiye ndaba chiyani? M'nyumba mwanga momwe? Magetsi amene ankagwiritsa ntchito ndani ankalipira? Mkazi wanga wapanga chinthu cha mtengo wapatali, akufuna kuchimwaza ulere ngati madzi a pa mpopi. Ndinamuuza, tiyeni tichite bizinesi, anakana. Ndinati ikaniponi dzina langa, anaseka. Chaka chonse anthu akubwera muno, a kuchipatala, a kutchalitchi, onse Nadina, Nadina. Ine ndimangofunsidwa kuti shuga ali kuti!”

“Ndiye munachotsa mawu anga n'kuikamo juga?” anafunsa Nadina.

“Ndimapangira banja lino! Zikanayenda bwenzi tonse tikudya.”

“Dandaulo lonena kuti ndine wokopera analemba ndani?”

Mkamwini anayamba kukonzakonza malaya ake oyera aja.

“Ndikufunsa, bambo. Kuba munaba, chabwino. Koma nditatumiza yanga, wina anawalembera eni msika kuti mayi uyu ndi wakuba, mutsekereni. Ndani?”

“Mnyamata uja anati zikakhala ziwiri, yathu aichotsa. Panalibe kuchitira mwina.”

“M'mawa uno ndikulira pa tebulo apo, inu munandipangira tiyi.”

Ndinayenera kugwira dzanja langa lamanja ndi lamanzere. Zaka zonsezi sindinamenyepo munthu pa ntchito, ndipo sindinafune kuyambira pa tchuthi.

Ataona kuti ukali sukumuthandiza, anasintha giya. Anagwada pafupi ndi mkazi wake, mawu atafewa.

“Mayi, ndalakwa. Ndiichotsa lero lomwe, pompano. Koma tithane m'nyumba muno. Dzina langa likapita kumeneko, akanditsekera ine, ndipo anthu amene ndagwirizana nawo akandiona ngati chiyani? Ndi banjatu ili. Azakhali, tauzeni mwana wanu.”

“Mukangoichotsa mwakachetechete, dzina la mwanayu liyera?” ndinafunsa.

Nadina anayankha yekha. “Ayi. Dandaulo likhalapobe. Akufuna mwini wake avomere kuti ananama.”

“Ndiye pali mayina awiri, ndipo limodzi lipsa,” ndinatero. “Nadina, ine pano ndine azakhali chabe. Ukati tithane m'nyumba, ndivala nsapato ndizipita. Ukati ayi, ndiimbira mnzanga wa ku ofesi. Sindikusankhira.”

Nadina anayang'ana bambo ake. Kenako anadzuka, n'kukatenga laputopu, n'kuitsegula pa bedi la bambo ake. Anaitembenuzira kwa mwamuna wake.

“Lowani mu akaunti yanu. Mulembe kuti pulogalamuyo ndi yanga, munaitenga pa foni ya mng'ono wanu, ndipo dandaulo lija linali bodza. Muike dzina lanu lonse.”

“Ndikalemba, za polisi zitha?”

“Lembani kaye.”

Mkamwini analemba. Nadina anawerenga mawu aliwonse ataima kumbuyo kwake, n'kumubwezetsa pamene analemba kuti panali kusamvetsetsana. “Palibe amene sanamvetse,” anatero. “Lembani kuti munaba.” Atamaliza, Nadina anadina yekha batani lotumizira.

Mkamwini anapumira m'mwamba n'kuyesa kumwetulira. “Basi, zatha. Tiyambirenso bwinobwino. Madala, pepani, inunso mundikhululukire. Ndine mwana wanu.”

Anatambasula dzanja kuti agwire la achimwene. Achimwene analibweza dzanja lawo, n'kuliika pa galasi la foni. Chala chinadutsa kapu, chinadutsa bedi, chinadutsa nkhope zonse, mpaka chinaima pa chithunzi cha pakona. Anamuyang'ana mkamwini m'maso, n'kudina.

“Tsegulani chitseko,” inatero foni, ndi mawu a Nadina.

“Akumva kutentha,” anatero mkamwini, akuyang'ana uku ndi uku. “Akufuna mpweya.”

Nadina anapukuta nkhope ndi nsonga ya bulauzi, n'kuyang'ana mwamuna wake.

“Ayi, bambo. Ulendo uno ndawamva bwinobwino.”

Anapita pabalaza, ndipo tonse tinamva akutsegula chitseko cha panja, choti mkamwini atulukirepo.